Motoka yagwada? Musathamangile kugula kompulesa

Ngati mumayenda m'maukwati a mu Chipata masiku ano, mudziwa kuti anthu sabwelela keke na mpunga cabe. Amabwela kudzaona motoka imene yanyamula mkwatibwi. Ikakhala yaitali, yakuda, yonyezimila, mafoni onse amakwela m'mwamba, ndipo dzuwa lisanalowe zithunzi zili kale pa Facebook.

Loweluka lina m'nyengo yotentha n'napita kukalemba za ukwati wina. Cimotoka ca hayala cimene cinayenela kunyamula mkwatibwi cinayamba cathamangila ku Mwami kukatenga azakhali ocokela ku Malawi. Dilaiva anaimika pafupi na boda, n'kuzimitsa injini, n'kupita kukawayembekeza. Alendo anacedwa. Pobwelako anapeza motoka itagwada: kumbuyo kwakhala pansi, matayala abisika m'bodi, ndipo kukumveka kafungo ka waya wopsa. Kupotoza kiyi, zii. Batile yatha. Tsiku limenelo mkwatibwi anafika ku chalichi pa kateksi, maluwa ali pa miyendo.

Mwini motoka anabweza ndalama ya hayala. Cimene cinamuwawa kwambili n'cakuti kompulesa imene inapsa tsiku lija anali atangoigula miyezi yocepa m'mbuyomo, itafa ina. Nkhani iyi ndiye inanicititsa kufufuza cimene cimapha makompulesa. Yankho lake lingakupulumutsileni ndalama za lendi ya miyezi ingapo: nthawi zambili kompulesa imafa cifukwa ca vuto limene lili pena. Mukasintha kompulesa yokha, wakupha uja akali m'motoka, ayembekeza yatsopanoyo.

Walila mvula walila matope

Motoka zoyenda pa mpweya zaculuka cifukwa kumene zicokela, ku UK na ku Japan, zikakalamba mtengo wake umagwa kwambili. Eni ake kumeneko amadziwa kuti zokonzetsa zayandikila, ndiye amazigulitsa. Ise kuno timaona cithunzi pa intaneti, mipando ya cikopa, mtengo wofanana na wa kamotoka wamba, mtima n'kudumpha.

Onani zaka zake. Mercedes S-Class ya W220, imene ili na Airmatic, inapangidwa kucokela 1998 mpaka 2005. Range Rover ya L322 ni ya 2002 mpaka 2012. Land Rover Discovery 3 ni ya 2004 mpaka 2009. Toyota nayo ilimo: Harrier ya mtundu wa AIRS, imene inayamba mu 2003, iyenda pa mpweya, ndipo ma Prado 120 ena ali na mpweya kumbuyo cabe. Palinso VW Touareg na Audi allroad. Kutanthauza kuti mphila wa motoka zambili mwa izi wapitilila zaka 15, wina 20. Mphila wa msinkhu umenewo umauma na kung'ambika, olo motoka ioneke yatsopano bwanji.

Cenjezo limodzi: Land Cruiser 100 imene imakwela na kutsika iseŵenzetsa mafuta a hydraulic. Zimene tikamba pano sizikhudza iyo.

Zimagwila bwanji nchito?

Pamalo pa masipuling'i a citsulo, motoka izi zili na mabaluni a mphila wolimba, amene amakanika amachula kuti ma airbag. Kompulesa, kamakina ka magetsi a 12 volts, imakoka mpweya wa panja kudzela mu fyuluta, n'kuupanikiza, n'kuudutsa mu dryer. Mu dryer muli timikanda twa silica gel tumene tumamwa cinyezi. Mpweya wouma umapita ku valve block, imene imagawila baluni iliyonse kudzela m'tumapaipi twa pulasitiki. Motoka zambili zilinso na thanki yosungila mpweya. Pafupi na mawilo pali masensa oyeza kutalika kwa motoka, ndipo amauza kompyuta ngati mbali ina yatsika.

Manje relay ibwela pati? Kompulesa imadya magetsi ambili, ma amp 20 kapena kuposa. Kompyuta singanyamule mphamvu yotele. Imangotumiza tumagetsi tocepa, tosafika olo amp imodzi, ku relay. Mkati mwa relay muli koilo imene imasanduka maginito n'kukoka tuzitsulo tuŵili kuti tugundane, ndipo magetsi aakulu ocokela ku batile amadutsa kupita ku kompulesa. Relay ni geti, kompyuta ni mlonda wotsegula na kutseka. Kabokosi kameneka kacepa ngati ka macisi, ndipo pa zinthu zonse za dongosololi kali m'gulu la zochipa kwambili.

Mmene imfa ya kompulesa imayambila

Kompulesa inapangidwa kuti ilile kanthawi kocepa, ipumule, izizile. Baluni ikang'ambika pang'ono, nthawi zambili pamene mphila umapindika, mpweya umayamba kutuluka. Sensa iuza kompyuta kuti motoka yatsika, kompyuta iyatsa kompulesa. Pakapita kanthawi yatsikanso, iyatsanso. Kompulesa imene inali kugwila nchito pang'ono pa tsiku iyamba kugwila ngati ya pa malo opopela matayala.

Ikatentha, kamphila ka pa pisitoni kamatha, mphamvu yopanikiza icepa, ndipo ifunika nthawi yaitali kuti idzaze mabaluni. Mota yotopa imakoka magetsi ambili. Nthawi iliyonse relay ikatsegula na kutseka, pa tuzitsulo tuja pamathetheka kamoto. Potsiliza pamacitika cimodzi mwa ziŵili: tuzitsulo tupsa n'kuleka kudutsa magetsi bwino, kapena tumamatilana ngati tawochelewa. Tukamamatilana, geti yakhala yotsegula. Kompyuta ingalamule kuti zima, inu mungacotse kiyi n'kukhoma zitseko, kompulesa ipitiliza kulila cifukwa magetsi ake acokela ku batile mwacindunji. Imalila mpaka batile ithe kapena mota ipse.

Kuno kwathu palinso adani aŵili. Fumbi la August mpaka October m'miseu ya dothi, kaya mupita kumudzi kapena mungoloŵa mu komboni, limatseka fyuluta na kudya pisitoni. Mvula ikayamba mu November, cinyezi cimadzaza dryer. Timikanda tuja tukakhuta madzi kapena kuphwanyika kukhala ufa, zonyansa zimaloŵa m'ma valve, ndipo ma valve amayamba kukakamila. Pa Discovery 3 kompulesa ili kunsi kwa motoka, pa chasisi, pafupi na wilo ya kumbuyo ya kumanzele, pamene matope na madzi zimafika mosavuta. Pa L322 ili m'buti, pamalo a tayala la sipeya. Pa W220 ili kutsogolo, kuseli kwa bampa. Dziŵani pamene yanu ili.

Yambani na khutu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagule kalikonse, lizani injini, tsekani zitseko zonse, imani pafupi na pamene pali kompulesa, mvetselani. Zitseko n'zofunika cifukwa motoka zina, monga za Land Rover, sizisintha kutalika citseko cikakhala cotsegula. Mudzamva cimodzi mwa zitatu.

Coyamba: kompulesa ili zii. Apa ambili amaweluza kuti yafa, koma mwina sikulandila magetsi cabe.

Caciŵili: ilila osaleka, kapena ilila kaŵilikaŵili pa ulendo waufupi. Pali potuluka mpweya, kapena relay yamamatila. Ikalila kiyi ili m'thumba mwanu, musayembekeze mawa: tsegulani bokosi ya mafyuzi, zulani relay kapena fyuzi ya kompulesa pomwepo. Dilaiva wa pa Mwami uja akanamva phokoso asanacoke pa motoka, kuzula kabokosi kamodzi kukanapulumutsa kompulesa, batile na ukwati.

Cacitatu: ilila, koma motoka ikwela mocedwa kwambili, kapena ikwela pang'ono n'kuleka, nyali n'kuyaka pa dashibodi. Apa kompulesa yatopa, dryer yatsekeka, kapena mpweya ukutuluka mofulumila kuposa mmene ukuloŵela.

Ngati ili zii: batile, fyuzi, relay

Yambani na batile. Yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6 volts injini itazima, ndipo injini ikalila mita ifunika kuonetsa pafupifupi 14. Magetsi akacepa, kompyuta imatha kukana kuyatsa kompulesa. Imakananso kompulesa ikatentha kwambili, ndiye ngati mwakhala mukudina batani yokweza na kutsitsa pofuna kuonetsa anzanu, ipatseni mphindi zingapo izizile.

Kenaka fyuzi. Ya kompulesa imakhala yaikulu. Pa W220 ni ya 40 amp. Ikapsa, ikani ya nambala imodzimodzi. Ikapsanso nthawi yomweyo, lekani: mota yagwila, kapena waya wina wagunda bodi. Kumanga waya wa kopa pamalo pa fyuzi ndiyo njila yacidule yoochela motoka yonse.

Manje relay. Kunsi kwa ma relay ambili kuli manambala anayi: 85, 86, 30 na 87. Miyendo ya 85 na 86 ni ya koilo. Wa 30 ndiwo ulandila magetsi ocokela ku batile, wa 87 ndiwo upita ku kompulesa. Wa zamagetsi a motoka amaiyeza motele. Relay ili m'manja, yosalumikizidwa, amaika mita pakati pa 30 na 87: sipafunika kudutsa kanthu. Pakadutsa, yamamatila, itayeni. Akapatsa 12 volts ku 85 na 86, ifunika kulila kuti "ke", ndipo apo m'pamene 30 na 87 zilumikizane. Dziŵani kuti kulila kokha sikutanthauza kuti ili bwino. Relay yopsa mkati imalila koma idutsa magetsi ocepa. Onaninso pamene imakhala: pulasitiki yosungunuka kapena miyendo yakuda zionetsa kuti panali kutentha.

Pali kuyesa kwina kumene amisili amacita: kucotsa relay n'kulumikiza mabowo a 30 na 87 na waya wonenepa kwa masekondi ocepa cabe. Kompulesa ikalila, ndiye kuti mota ili moyo, vuto lili pa relay kapena pa lamulo locokela ku kompyuta. Ikakhala zii, amayeza ngati magetsi afika pa pulagi yake na kuona waya wa earth, umene umacita dzimbili kaŵilikaŵili. Magetsi akafika, earth ili bwino, koma osalila, apo ndiye munganene kuti yafa. Waya woyesela uja ni woyesela cabe. Wina akakuuzani kuti ausiye momwemo kuti mufike kunyumba, dziŵani kuti wapanga dala cimene relay yomamatila imacita.

Musabweleke relay ya huta kapena ya nyali cifukwa cakuti yalowa bwino m'mabowo. Ma amp ake angakhale ocepa, ndipo ma relay ena ali na resistor kapena diode mkati yoteteza kompyuta. Gulani yofanana nambala na imene mwacotsa.

Ngati ilila osaleka: tepi na sopo

Kuyesa uku mungacite mweka pa yadi. Madzulo imikani motoka pamalo osalala itakwela bwino. Tengani tepi, yezani kucokela pakati pa wilo kufika pa mphepete mwa bodi, mawilo onse 4, lembani manambala. Zulani fyuzi ya kompyuta ya suspension monga mmene buku la motoka yanu lionetsela, cifukwa motoka zina zimadzuka zokha usiku n'kudzilinganiza, ndipo zimenezo zimabisa mbali imene ili na vuto. M'mawa yezaninso. Kona imodzi ikatsika yokha, vuto lili pa baluni ya kona imeneyo, paipi yake kapena valve yake. Motoka ikatsika mbali zingapo pamodzi, kaikilani valve block.

Kenaka sungunulani sopo m'botolo ya madzi, olo Boom wa m'nyumba agwila nchito. Thilani pa baluni, makamaka popindika mphila, pa malo onse olumikizila mapaipi, na pa valve block. Pamene pacita thovu lofufuma, ndiye pamene ndalama zanu zikutulukila. Yesani motoka ili pamwamba komanso ili pa msinkhu wake wa masiku onse, cifukwa ming'alu ina imatseguka pa msinkhu umodzi cabe.

Baluni yong'ambika saimata ngati chubu ya njinga. Imasinthidwa, ndipo ngati thumba lilola, sinthani zonse ziŵili za ekiselo imodzi, cifukwa inzake ili na zaka zofanana.

Moyo wanu upambana motoka

Apa mvetsetsani, abale anga. Osaloŵa kunsi kwa motoka imene yaimilila pa mpweya cabe, ndipo osaika mutu kapena dzanja pakati pa tayala na bodi. Paipi ikasomoka, kapena kompyuta ikaganiza zotsitsa, motoka yolemela matani opitilila 2 imatsika m'kamphindi, ndipo sipakhala nthawi yothawa. Jeki yokha siyokwanila. Pafunika ma stand a citsulo pansi pa chasisi, pa nthaka yolimba, osati njelwa zosanjikiza. Mapaipi na thanki zimakhala na mpweya wopanikizika kwambili olo injini izime, ndiye mmisili afunika kuutulutsa coyamba asanamasule.

Motoka ikagwada muli pa mseu, mungaiyendetse pang'onopang'ono mtunda waufupi kuti mucoke pangozi. Koma kucoka nayo pa Mwami kufika m'tauni pa liwilo, kudumpha mahampu onse, kumaononga matayala, ma shock na zakunsi.

Kugula masipeya

Mukatsimikiza kuti kompulesa yatopa, funsani coyamba ngati ingakonzeke. Ngati mota ikali kulila bwino, pali ma repair kit a kamphila ka pisitoni na timikanda twa dryer, ndipo mtengo wake ni wocepa kwambili poyelekeza na kompulesa yatsopano. Ngati mota yapsa, palibe mocitila, gulani ina. Koma lamulo ni ili: kompulesa yatsopano iloŵe pamodzi na relay yatsopano, ndipo iloŵe pambuyo potseka potuluka mpweya.

Ya salaula yocotsa pa motoka ina ili na zaka zofanana na yanu, ndiye muione ikulila na kupanikiza musanalipile. Eni ma Discovery 3 adziŵenso ici: zinabwela na kompulesa ya Hitachi, ndipo mukaika ya AMK imene inabwela pambuyo pake, kompyuta ifunika kuikidwa pulogalamu yogwilizana nayo. Mukasintha sensa ya kutalika, motoka ifunikanso kulinganizidwa na makina a diagnosis. Makinawo ni othandiza, koma kumbukilani kuti akalemba kuti mpweya ukucedwa kudzaza, sanakuuzeni cifukwa cake. Cifukwa cimapezeka na tepi, sopo na mita.

Samalaninso posankha mmisili. Pa boda ya Mwami, imene inakhala ya One Stop pamene a Hakainde Hichilema na a Lazarus Chakwera anaitsegulila mu December 2022, pamaima mathilaki ambili okhala na mabaluni. Mmisili wa mathilaki amadziŵa bwino kusakila potuluka mpweya. Koma kompulesa ya thilaki imazungulidwa na injini, ndipo mpweya wake ndiwo ugwilanso mabuleki. Yanu ni ya magetsi, yolamulidwa na kompyuta. Pa mbali ya relay na mawaya, funani wa zamagetsi a motoka.

Ena akatopa amacotsa mabaluni n'kuika masipuling'i a citsulo. Kwa munthu woyenda maulendo aatali, monga makilomita opitilila 550 a ku Lusaka pa Great East Road, kapena wa m'miseu ya kumudzi, nzelu iyi ili na phindu lake: motoka sidzagwadanso. Koma mudzataya kufewa kuja, kukweza motoka pa malo oipa, na kudzilinganiza ikanyamula katundu. Kompyuta nayo ifunika kuuzidwa, apo ayi nyali za pa dashibodi sizidzazima. Citani na kit yopangidwila motoka yanu, osati masipuling'i otola pa motoka iliyonse.

Musanalipile

Ngati mukali kuganiza zogula motoka yotele, kaioneni m'mawa kwambili mwini wake asanailize. Motoka yogona usiku wonse n'kudzuka ili cilili ni cizindikilo cabwino. Mukapeza injini ikulila kale pamene mufika, dzifunseni cifukwa cake. Ikwezeni, itsitseni, ŵelengani nthawi imene kompulesa itenga. Ndipo pa bajeti yanu siyani ndalama ya mabaluni, cifukwa tsiku lake lidzafika.

Ngati muli nayo kale, ndipo mumapanga nayo ndalama pa maukwati, ma kitchen party, mavidiyo a oimba kapena kunyamula alendo a Nc'wala ku Mtenguleni mu February, sungani relay na fyuzi za sipeya m'motoka. Dziŵani pamene zimakhala musanafike pa vuto. Mukazimitsa injini, imani masekondi ocepa mumvetsele musanacoke. Ndipo ngati mupita ku Mchinji kapena ku Lilongwe, yesani na tepi usiku woti mawa ulendo, cifukwa kufela motoka kutsidya kwa boda kumadula kuposa kufela pa Kapata.

Cimotoka ca ukwati cija cinakokedwa kubwela m'tauni. Atathila madzi a sopo, thovu linatuluka pa baluni ya kumbuyo. Relay, imene sinasinthidwe pamene anaika kompulesa yaciŵili, inali yomamatila. Mwini wake anagula kompulesa yacitatu, mabaluni aŵili na relay yatsopano. Mwezi wathawu n'naiona pa ukwati wina ku Kalongwezi, itavala maliboni, ili cilili. Dilaiva atazimitsa injini sanacoke msanga. Anayamba wazungulila kumbuyo, n'kupendeka khutu.